Kamba wa kusukulu wa mwana amene sadya tirigu

Mayi wina ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique, wafunsa: "Adokotala amuletsa mwana wanga gluten, ndizimulongedzera chiyani?"

Mayi, choyamba chotsani zonse za ufa wa tirigu: buledi, mandasi, masikono, mabisiketi. Gluten ndi puloteni wa mu tirigu, ndiye amakhala m'menemo.

Madzulo wiritsani mbatatesi ya kwathu kuno ku Angónia, mbatata kapena chinangwa, ndi dzira limodzi. Zitumbuwa zilibe vuto ngati mwakanda nokha ndi mgaiwa ndi nthochi basi. Koma apa ndiye musamale: musakazingire m'mafuta amene mwakazingiramo mandasi, ndipo mbale ndi chipande muzitsuke bwino. Kaufa ka tirigu kochepa chabe kangathe kumudwalitsa m'mimba.

M'mawa ikani m'kontena yakeyake yotseka, onjezani mtedza wokazinga, masau akakhalapo, ndi botolo la madzi.

Aphunzitsi muwadziwitsenso, kuti mwanayo asamalandire zakudya za anzake.