Momwe mungawiritsire ma prawns a zokometsera kunyumba

Ma prawns, tinyama tam'madzi tokhala ndi zigoba ngati nkhanu, ambiri amaonongekera pamoto. Tinazolowera kuti ndiwo ya nyama kapena nsomba ibwate mpaka msuzi uthithikane, ndiye tikagula ma prawns timawachitanso chimodzimodzi. Akamatuluka m'poto amakhala atauma, atalimba, ovuta kutafuna, pomwe ndalama yogulira sinali yamasewera. Chonsecho amapsa pa mphindi 2 kapena 3 basi. Popeza nthawi yake ndi yochepa chonchi, kukoma konse kuyenera kukhala kuli kale m'madzi iwo asanagweremo. Mukagwira mfundo imeneyi, zina zonsezi ndi zophweka.

Kugula

Kuno kulibe nyanja yamchere, choncho ma prawns amene timawapeza amakhala atayenda ulendo wautali. Ambiri abwino ndi a ku Mozambique, ogwidwa m'dera la nyanja lotchedwa Sofala Bank, kufupi ndi Beira ndi Quelimane, ndipo kumeneko mukawafuna pamsika mudzafunse camarão. M'masitolo akuluakulu a ku Blantyre ndi Lilongwe amapezeka ataundana m'mapaketi kapena m'timakatoni.

Sankhani a zigoba zawo, makamaka a mitu yomwe. Osendasenda aja amapeputsa ntchito, koma m'madzi owira amataya kukoma msanga chifukwa palibe chowatchinga. Pa paketi pamakhala manambala monga 16/20 kapena 21/25. Nambala ikachepa ndiye kuti ma prawns ake ndi akuluakulu. Powiritsa, apakatikati ndiwo abwino koposa.

Yang'anitsitsani paketiyo. Ngati ma prawns amatirirana n'kukhala chibumi chimodzi, kapena pansi pa paketi paundana madzi ofiirira, ndiye kuti anasungunukapo n'kuundananso, mwina magetsi atazima. Asiyeni. Akasungunuka kunyumba, anunkhizeni. Abwino amangomveka kafungo ka madzi amchere. Akamveka fungo lobaya m'mphuno lofanana ndi la mkodzo, kapena akamaterera m'manja, mitu itada bii n'kumathothoka yokha, tayani ngakhale mtima ukupweteka. Tsabola sangabise chakudya chowola, ndipo m'mimba simunamizika.

Zofunika pa kilogalamu 1

Madzi malita 3, mchere masupuni aakulu 4, anyezi 2, mutu wathunthu wa adyo, mandimu 3, tsabola wa kambuzi 4 mpaka 6, jinja wotalika ngati chala chachikulu, supuni yaikulu ya tsabola wakuda wosasinja, supuni yaikulu ya paprika, ndi masamba 3 onunkhiritsa ndiwo otchedwa bay ngati mwawapeza. Akasowa masambawo musadandaule, koma adyo ndi mandimu zisasowe. Mufunikanso poto wamkulu woti madzi asafike pakamwa, sefa, ndi thireyi yotakata.

Kusungunula ndi kukonza

Njira yabwino ndi kuwachotsa mufiriza madzulo, n'kuwasiya m'mbale yovundikira pansi pa firiji mpaka m'mawa. Ngati mwafulumira, aikeni m'beseni la madzi ozizira kwa mphindi 15 mpaka 20, mukusintha madziwo pakatikati. Madzi ofunda ayi, padzuwa ayinso: kunja kumayamba kuonongeka m'kati mukadali mwala.

Kenako pali kantchito kamene ambiri amakadumpha. Pamsana pa prawn iliyonse pamadutsa kamzere kakuda kuchokera kumutu mpaka kumchira. Ameneyo ndi matumbo, ndipo nthawi zina mumakhala mchenga umene umachita gereje m'mano. Tengani sizasi, dulani chigoba chapamsana kuyambira pomwe pathera mutu mpaka pafupi ndi mchira, osachivula, ndipo kokani kamzereko ndi nsonga ya mpeni kapena kamtengo kotokosera m'mano. Kamatuluka kathunthu mukakoka mofatsa. Kudula kumeneku kuli ndi phindu lina lalikulu: kumatsegula khomo loti madzi a zokometsera alowe mpaka m'mnofu, komanso kusenda patebulo kumaphweka. Dulaninso ndevu zazitali zija ndi kaminga kakuthwa kapamutu kuti kasabaye ana. Tsukani kamodzi m'madzi ozizira, tsanulani, bwezerani mufiriji pamene mukukonza madzi.

Madzi ophikira

Apa m'pofunika kudekha. Thirani madzi malita 3 aja m'poto ndi mchere wonse. Dulani anyezi pazinayi, ndi makoko omwe ngati ali oyera. Mutu wa adyo udulidwe pakati chopingasa n'kuponyedwamo wonse. Jinja mumutswanye ndi munsi wa kamtondo kapena chogwirira cha mpeni. Kambuzi mumung'ambe pakati kuti mphamvu yake ituluke, koma ngati pakhomo pali ana kapena agogo osakonda zowawa, muikemo wathunthu, adzangosiya fungo lake lokoma lija popanda ukali wambiri. Onjezani tsabola wakuda, paprika ndi masamba a bay.

Vundikirani, ziwire kwa mphindi 15. Mandimu adikire kaye. Khungu loyera lam'kati mwa ndimu likawira nthawi yaitali limawawitsa madzi, choncho finyirani madzi a mandimu 2 kutatsala mphindi 5, n'kuponyamo zikhungu zakezo. Ndimu yachitatu isungeni ya patebulo.

Tsopano lawani. Madziwo ayenera kumveka mchere wopitirira umene mungalole mu ndiwo, ndipo tsabola azimveka kukhosi. Musaope. Ma prawns akhalamo kanthawi kochepa, ndiponso ali m'zigoba, choncho atenga gawo laling'ono chabe. Madzi akakoma bwinobwino ngati msuzi womwa, ma prawns adzatuluka ozizira mchere.

Kuwiritsa

Madzi akhale akubwadamuka kwambiri. Ngati mukuphikira pa mbaula, onjezerani makala ndi kukupiza musanayambe, chifukwa ma prawns ozizira akagwamo madzi amatsika mphamvu. Moto ukakhala wofooka, gawani kilogalamuyo pawiri n'kuphika kawiri m'madzi omwewo.

Ponyanimo, takasani kamodzi, ndipo musachoke pamenepo. Foni ikaitana isiyeni iitane. Mudzaona otuwa aja akusanduka a pinki kapena ofiirira, kuyambira kumchira ndi kumiyendo, kenako ena ayamba kuyandama. Apakatikati amafuna mphindi 2 mpaka 3, akuluakulu kwambiri mphindi 4. Wotchi ikuthandizeni, koma maso ndiwo aweruze. Vuulani imodzi, yang'anani pamsana pamene munadula paja. Mnofu ukakhala woyera mpaka m'kati, wosaonekanso ngati galasi, wapsa. Yang'ananinso kupindika kwake. Prawn yopsa bwino imapindika ngati chilembo C. Ikapindikiratu mutu n'kukhudza mchira, kukhala ngati O, yapyola.

Akapsa muli ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kuwavuula onse msangamsanga ndi sefa n'kuwayala pathireyi, osawaunjika, chifukwa pamulu kutentha kumapitiriza kuwaphika. Yachiwiri, imene ine ndimaikonda, ndi ya anthu a ku Louisiana ku America, kumene kuwiritsa zam'nyanja m'mapoto akuluakulu pamodzi ndi chimanga, mbatatesi ndi soseji ndi mwambo wa pabanja. Iwo amachotsa moto ma prawns atatsala pang'ono kupsa, amaziziritsa madziwo pang'ono, n'kuwasiya aviike momwemo. Inunso phulani poto pakatha mphindi 2, thiranimo ayezi wodzaza mbale kapena makapu 3 a madzi ozizira kwambiri, musiye kwa mphindi 5 mpaka 8. Madzi sakhalanso ndi mphamvu yolimbitsa mnofu, koma adyo ndi kambuzi zimapitiriza kulowerera. Kusiyana kwake mudzakumva pa prawn yoyamba.

Ngati mukufuna kuikamo mbatatesi ndi mondokwa, zilowe kale. Mbatatesi zazing'ono zimatenga mphindi 15 kapena kuposerapo, chimanga chodula zidutswa mphindi 7 mpaka 10. Ma prawns ndi omaliza nthawi zonse.

Chovinikiza ndi zodyera

Sungunulani masupuni 4 a batala pamoto wochepa, ikanimo adyo wosinja tizidutswa 3, aphike mpaka fungo limveke koma asafiire, chifukwa adyo wopserera amawawa. Phulani, finyiranimo theka la ndimu yotsala ija, onjezani kambuzi wosinja kapena madontho a Nali, ndi supuni imodzi ya madzi ophikira aja. Ku Mozambique piripiri, adyo ndi ndimu ndizo zimayenda ndi camarão, ndipo sanalakwe.

Kudya kwake ndi kwa manja. Potokolani mutu, vulani chigoba kuyambira pamsana, gwirani kumchira, vinikizani. Ikani mbale ya zigoba pakati ndi madzi osamba m'manja pafupi.

Mitu ndi zigobazo musataye msanga. Zikazingeni m'mafuta pang'ono mukuzitswanya ndi mthiko mpaka mafutawo afiire, thirani madzi makapu 3, ziwire mphindi 20, n'kusefa. Msuzi umenewo mukauphika ndi tomato ndi anyezi mwapeza chodyera nsima, popeza ma prawns owiritsa paokha alibe msuzi. Mukhozanso kuphikira mpunga wa Kilombero. Madzi oyamba aja nawonso amakometsa mpunga, koma ali ndi mchere wambiri, choncho kapu imodzi ya iwo muisakanize ndi makapu 2 a madzi wamba ndipo musathirenso mchere.

Chenjezo musanagawe

Pali anthu amene thupi lawo limadana ndi ma prawns, nkhanu ndi zina zazigoba zam'madzi, ndipo ambiri kuno sadziwa chifukwa sanazidyepo. Funsani alendo anu. Amene akulawa koyamba adye imodzi n'kudikira kaye. Wina akayamba kuyabwa, kutuluka ziwengo, kutupa milomo, lilime kapena zikope, asiye pompo. Akamabanika kapena kumva chizungulire, thamangirani naye kuchipatala osataya nthawi, chifukwa vutoli limatha kukula pa mphindi zochepa. Munthu wotere asadyenso mpunga kapena msuzi wophikidwa ndi madzi aja.

Otsala alowe mufiriji pasanathe maola 2, ndipo nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala pasanathe ola limodzi. Adyedwe m'masiku 2. Mawa lake ndi bwino kuwadya ozizira ndi ndimu, kapena kuwasenda n'kuwaponya mu mpunga wotentha mutauphula kale, kuti angofunda osapsanso kachiwiri. Ngati magetsi azima usiku wonse firiji n'kufunda, otsalawo atayeni.