Kaphikidwe ka Wiener Schnitzel mukakhala kutali ndi Austria

Schnitzel ndi nyama yopyapyala yokutidwa ndi zinyenyeswa za buledi n'kuikazinga m'mafuta. Yopsa bwino imadziwika ndi khungwa lake. Limafufuma, limachita makwinya, ndipo silimamatira ku nyama. Likakakamira ngati chikhakha cha nsima mumphika, pena pake palakwika.

Ku Austria dzina lakuti Wiener Schnitzel ndi la nyama ya mwana wa ng'ombe, koma m'makomo ambiri amaphika ya nkhumba chifukwa njotsika mtengo. Ya pachifuwa cha nkhuku imathekanso. Ya ng'ombe yaikulu isiyeni, imalimba. Pa anthu anayi pezani zidutswa 4 za magalamu 150 chimodzi, mazira 2, ufa wa tirigu magalamu 100, zinyenyeswa za buledi magalamu 150, ndimu, ndi mafuta ophikira hafu lita.

Chovuta kupeza kunja ndi zinyenyeswa. Kwawoko amazipanga kuchokera ku mabanzi ouma otchedwa Semmel. Inu gulani buledi woyera wosatsekemera, muumitse mpaka auma gwa, musinje mumtondo, musefe. Buledi wa shuga wambiri amada nyama isanapse.

Ikani nyama pakati pa mapepala awiri a pulasitiki, muimenye ndi botolo kapena mthiko mpaka ipyapyale kufika mamilimita 4 kapena 5. Menyani mofatsa, musaiboole. Thirani mchere, kenako muiviike mu ufa n'kusasa wotsala, muiviike m'mazira opakasa pang'ono ndi foloko, pomaliza muigubuduze mu zinyenyeswa. Apa ndi pamene ambiri amaonongera: amasindikiza zinyenyeswa ndi chikhatho poopa kuti ziyoyoka. Musatero. Nthunzi yochokera mu nyama ndiyo imatukula khungwa, ndipo mukalisindikiza silidzukanso. Musakonzeretu n'kusiya, zinyenyeswa zimayamwa madzi n'kunyowa.

Mafuta akhale akuya masentimita 2 kapena 3 kuti nyama iyandame, osakhudza pansi pa chiwaya. Kutentha kwake kukhale pafupifupi madigiri 170. Ngati mulibe choyezera, ponyani kanyenyeswa. Kakachita thovu pompo osada, mafuta apsa. Akazizira, khungwa limamwa mafuta. Akatenthetsa, kunja kumapserera. Mukaika nyama, gwedezani chiwaya uku ndi uku kuti mafuta azisefukira pamwamba pake. Mbali iliyonse mphindi 2 kapena 3, kutembenuza kamodzi kokha, osabaya ndi foloko. A ku Austria amakonda batala woyenga, Butterschmalz. Mutha kumupanga nokha: sungunulani batala pamoto wochepa, muyengule thovu, mutsanule wamadzi oyera n'kusiya nsenga pansi. Batala wosayenga amapserera.

Chodyera chake ndi saladi wa mbatatesi, Erdäpfelsalat, ndipo mayonezi salowamo. Phikani kilogalamu imodzi ya mbatatesi zosafumbutuka, ndi makoko omwe. Sendani zikadali zotentha, dulani mopyapyala, thiranimo kapu imodzi ya msuzi wotentha wa nyama ya ng'ombe, masupuni aakulu 4 a viniga, anyezi wofiira woduladula, mustard pang'ono, mchere ndi kashuga. Mafuta, masupuni 4, abwere pomaliza, chifukwa akatsogola mbatatesi sizimwanso msuzi. Musiyeni saladiyu theka la ola. Ku Styria, chigawo china cha Austria, amathiramo mafuta obiriwira a nthanga za maungu. Mukawapeza, musawakazingire chilichonse.

Alendo akachuluka, saladi konzeranitu, koma schnitzel kazingani imodzi kapena ziwiri pa nthawi. Zopsa ziikeni pa waya mu uvuni wa madigiri 80, osazisanjikiza, osazivundikira, apo ayi nthunzi ifewetsa khungwa. Mlendo wozolowera ndiwo za msuzi adzafunsa ndithu kuti msuzi uli kuti. Mupatseni ndimu afinyire pamwamba, ndipo ngati jamu wa zipatso zowawasa za Preiselbeeren wasowa, wa cranberry amalowa m'malo.