Munthu akamenyetsa mutu: zoyenera kuchita m'maola 48 oyamba

Wakabaza wagwa pamsewu wa ku Muloza, kapena osewera mpira awombana mitu pabwalo ku Luchenza. Munthu uja wadzuka, akuti ali bwino. Musakhulupirire msanga, chifukwa ubongo ndi wofewa ndipo umagwedezeka m'chigaza ngakhale kunja kulibe bala.

Madokotala amati kuvulala n'kochepa ngati munthu wapeza 13 mpaka 15 pa muyeso wa Glasgow Coma Scale wa mu 1974 (woona momwe munthu akutsegulira maso, kulankhula ndi kusuntha thupi), sanakomoke kupitirira mphindi 30, ndipo kuiwala kwake sikunapitirire maola 24. Ambiri otere amachira m'masabata awiri kapena anayi.

Choyamba, muimitseni. Asakwerenso njinga, asabwererenso m'bwalo tsiku limenelo, ngakhale timu ikhale ikugonja. Akumva kupweteka khosi kapena dzanzi m'manja? Musamunyamule mwachisawawa, mugwireni mutu usatembenuke.

Kenako mufunseni komwe ali, tsiku lake, ndi zomwe zinachitika asanagwe. Akamabwereza funso limodzimodzi, ubongo wagwedezeka, akaonedwe kuchipatala tsiku lomwelo.

Pali zizindikiro zosadikira kuti kuche: kusanza kobwerezabwereza, mutu wonka nukulirakulira, tulo tosadzutsika, kukomoka ngati khunyu, kufooka mbali imodzi, kulankhula molobodoka, mwana wa diso lina kukula kuposa mnzake, magazi kapena timadzi kutuluka m'khutu ndi m'mphuno. Zimenezi zingatanthauze kuti magazi akutayikira m'chigaza n'kumapanikiza ubongo, ndipo munthu angayambe wacheza bwinobwino kwa maola angapo zinthu zisanafike poipa. Pitani naye ku chipatala cha boma cha Mulanje kapena cha Thyolo, komwe angamutumize ku Queen Elizabeth ku Blantyre ngati pakufunika makina a CT ojambula m'kati mwa mutu kapena opaleshoni.

Ngati abwezedwa kunyumba, munthu wamkulu akhale naye maola 24 oyamba. Kugona agone ndithu, inu muzingoona kuti akupuma bwino ndipo mukamugwedeza akudzuka. Mutu ukamapweteka, wovulalayo, ngati ndi wamkulu, amwe Panado wa 500mg mapiritsi awiri pa maola 6 aliwonse, osapitirira 8 patsiku. Asipirini ndi bufeni ayi, zimachedwetsa kuundana kwa magazi. Mowa asaukhudze, umabisa zizindikiro.

Kale ankati wovulala azigona m'chipinda cha mdima masiku ambiri. Akatswiri omwe anakumana ku Amsterdam mu 2022 anagwirizana kuti kupuma kwa maola 24 mpaka 48 n'kokwanira, foni ndi kanema zichepe m'nthawi imeneyo, kenako ayambe kuyenda pang'onopang'ono. Chizungulire chikakula, achepetse. Kusenza dengu la tiyi tsiku lonse, kuyendetsa njinga yamoto ndi mpira zidikire mpaka zizindikiro zitatheratu, chifukwa kumenyetsanso mutu ubongo usanachire n'koopsa kuposa koyamba.

Agogo akagwa, muziwaonetsetsa kwa miyezi iwiri kapena itatu. Mwa okalamba magazi amatha kudontha pang'onopang'ono, ndipo akayamba kuiwalaiwala kapena kudzandira, musangoti ndi ukalamba. Kawauzeni adokotala za kugwa kuja.