Phewa likamawawa osasiya: zoyenera kuchita ndi koyambira muno mu Lusaka

Ambiri muno mu Lusaka timadyera mapewa. Anyamata okankha mawilibala ku Soweto Market, amayi osenza matumba a ufa a makilo 25, amakaniki ogwira ntchito manja ali m'mwamba kunsi kwa galimoto, ngakhale a mu ofesi owerama pa kompyuta tsiku lonse. Phewa likayamba kuwawa timathamangira pa kantemba, kumwa mapilisi awiri, ululu ukazilala n'kubwerera ku ntchito. Mwezi umatha, wachiwiri n'kutha, kenako munthu akulephera kuvala malaya yekha. Mapilisi amangogoneka ululu, koma chimene chavulala m'katimo chimafuna kupimidwa.

Choyamba, onani ngati n'zoti muthamangire kuchipatala lero lomwe

Si ululu wonse wa phewa umene umayambira m'phewa. Ngati ukubwera pamodzi ndi kupanikizika pachifuwa, kubanika, thukuta lozizira, kapena ukutsikira kumkono wakumanzere ndi kunsagwada, vuto likhoza kukhala mtima. Musadikire kuti kuche. Chimodzimodzi ngati phewa latupa, lafiira, likutentha ndipo thupi lonse latentha, chifukwa mwina m'mfundomo mwalowa tizilombo. Ngati mwagwa kapena mwachita ngozi, phewa lasintha maonekedwe ndipo mkono sukunyamuka, musalole wina aliyense kulikoka kuti alibwezeretse. Ndipo mayi amene wadumpha kusamba, m'mimba mukupweteka kwambiri, nsonga ya phewa n'kumawawanso, apite msanga: zimachitika mimba ikakhala kunja kwa chiberekero n'kuyamba kutaya magazi m'kati.

Chachiwiri, ngati palibe zimenezi, yesani kwa milungu iwiri kunyumba

Chepetsani kunyamula zolemera ndi ntchito zokweza manja pamwamba pa mutu, koma musaumangirire mkonowo pachifuwa ndi chitenje kwa masiku ambiri. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Phewa losagwedezeka limauma, ndipo kulimasula pambuyo pake ndi ntchito ya miyezi.

Masiku oyamba ikani ayisi wokulunga m'kansalu kwa mphindi 15 mpaka 20, kangapo patsiku. Ngati magetsi athima ndipo mu firiji mulibe kanthu, nsalu yonyowetsa m'madzi ozizira ikuthandizani ndithu. Ululu ukakhalitsa, ambiri amapezako bwino ndi kuthowa ndi madzi ofunda, osati owira. Usiku gonerani mbali yabwinoyo, mkono wodwalawo muusamiritse pa pilo kutsogolo kwanu.

M'mawa ndi madzulo tsamirani patebulo ndi dzanja labwino, weramani pang'ono, mkono wodwalawo ulendewere, n'kumauzunguza mofatsa ngati mukutakasa phala lomwe silinalimbe. Kenako imani moyang'ana khoma, zala zikwere khomalo pang'onopang'ono mpaka pomwe mukumva kukoka, osati pomwe misozi ikulengeza.

Chachitatu, samalani ndi mapilisi

Paracetamol munthu wamkulu asapyole magalamu 4 patsiku, ndiko kuti mapilisi 8 a 500mg, ndipo omwa mowa kwambiri kapena odwala chiwindi ayenera kuchepetsanso. Brufen ndi diclofenac amathandiza pa kutupa, koma kuwamwa tsiku ndi tsiku kwa milungu kumabweretsa zilonda zam'mimba, kumakweza BP ndi kuwononga impso. Musamwe awiriwa pamodzi, ndipo musamwe m'mimba muli mopanda kanthu. Ngati muli ndi pakati, muli ndi vuto la impso, kapena mukumwa ma ARV okhala ndi tenofovir, funsani kaye kuchipatala. Gulani ku famase yovomerezeka ndi ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, osati mapilisi amene akhala padzuwa pa tebulo la m'mbali mwa msewu. Za mphini ndingonena mwachidule: lumo silifika pamtsempha wong'ambika, limangoonjezera bala.

Chachinayi, yambirani kufupi ndi kwanu

Milungu iwiri ikatha osasintha, kapena ululu ukamakudzutsani usiku, pitani kukiliniki ya m'dera lanu kapena ku chimodzi mwa zipatala za ku Matero, Chilenje, Chipata, Kanyama ndi Chawama. Ambiri amafuna kungolunjika ku UTH kapena ku Levy Mwanawasa, koma zipatala zikuluzikuluzi zimalandira makamaka odwala otumizidwa ndi kalata, pokhapokha ikhale ngozi. Tengani NRC, khadi la kuchipatala, nambala ya NHIMA (inshuwalansi ya boma ya zaumoyo) ngati munalembetsa, ndi mapaketi a mankhwala onse amene mwakhala mukumwa, a zitsamba omwe. Lawirirani, mzere wake mukuudziwa. Mukasankha chipatala cholipira, funsani kaye ngati chimalandira NHIMA, ndipo onani ngati chiphaso cha Health Professions Council of Zambia, bungwe lovomereza zipatala, chapachikidwa poonekera.

Chachisanu, fotokozani bwino

Kungoti "Adokotala, phewa likuwawa" sikukwanira, mudzangotuluka ndi mapilisi omwe aja. Nenani motere: "Adokotala, papita miyezi iwiri. Ndikakweza mkono kufika apa ndiye pamabaya, usiku sindigonera mbali ino, ndipo sinditha kufikitsa dzanja kumsana." Lozani ndi chala pamene pakuwawa. Nenani ntchito imene mumagwira, ngati munagwapo, ngati zala zimachita dzanzi, chifukwa dzanzi nthawi zambiri limaloza kukhosi. Ngati mukutsokomola kwa nthawi yaitali, kuonda kapena kutuluka thukuta usiku, musabise.

Tchulaninso matenda a shuga, ndipo ngati simunayezetsepo pemphani akuyezeni. Pali vuto lina limene madokotala amalitcha frozen shoulder, pomwe kathumba kokuta mfundo ya phewa kamatupa n'kuuma. Limakonda anthu a zaka 40 mpaka 60, makamaka amayi ndi odwala shuga. Limayamba ndi ululu, kenako phewa limauma mwakuti ngakhale wina akunyamulireni mkono sukwera, ndipo limatha kutenga chaka chimodzi mpaka zitatu kuti limasuke. Vuto lina lofala ndi la minyewa inayi imene imagwira mutu wa fupa la mkono kuti ukhale m'malo mwake. Mitsempha yake imaperepeseka ndi ntchito kapena ukalamba, nthawi zina n'kung'ambika.

Chachisanu ndi chimodzi, X-ray ikatuluka yabwino musaganize kuti mwanama

X-ray imaonetsa mafupa. Mtsempha wong'ambika suoneka pamenepo, umafuna sikani ya ultrasound kapena MRI. Komanso si aliyense amafunika kujambulidwa. Dokotala wodziwa ntchito amazindikira zambiri pongokukwezetsani mkono uku ndi uku ndi kuyesa mphamvu yake. Ngati sanakugwireni n'komwe phewalo, pemphani mwaulemu kuti alipime.

Chomaliza, pemphani kukaonana ndi a physiotherapy

Kwa ambiri, mankhwala enieni ali kumeneku. Adzakuphunzitsani masewera olimbitsa ndi kumasula phewa, koma ntchito yaikulu ndi ya kunyumba, tsiku lililonse. Kusintha kumayamba kuoneka pakatha milungu 6 kapena kuposerapo, ndiye musagwe ulesi pa mlungu wachiwiri. Poti ndalama ya basi yopitira kuchipatala kawirikawiri imavuta, pemphani akujambulireni masewerawo papepala, kapena wachibale akujambuleni pa foni pamene akukuphunzitsani.

Ululu ukakana, dokotala angabaye jakisoni wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, m'phewamo. Amathandiza kwa kanthawi kuti muthe kuchita masewera aja, koma sabayidwa mobwerezabwereza, ndipo kwa odwala shuga amakweza shuga kwa masiku angapo. Opaleshoni imabwera pamapeto, makamaka mtsempha ukang'ambikiratu kapena phewa likamaguluka kawirikawiri, ndipo imeneyo ndi nkhani ya madokotala a mafupa ku UTH kapena ku Levy. Musanatuluke m'chipinda cha dokotala, funsani dzina la vuto lanu, alilembe pa khadi, ndipo akuuzeni tsiku lobweranso. Ngati pofika miyezi itatu palibe kusintha, pemphani kalata yokutumizani kwa dokotala wa mafupa.