Kukopa mwini kalabu kuti alole mpikisano wovina

Achinyamata ovina a ku Chibavi, Chiputula ndi Luwinga mu mzinda wa Mzuzu, luso muli nalo, koma ambiri mumabwezedwa chifukwa cha kapemphedwe. Mwini kalabu amadyera zakumwa zomwe wagulitsa. Inu mukamati "bwana, tithandizeni kukweza luso", iye mumtima akuwerengera mafuta a jenereta ndi malipiro a DJ ndi mabaunsa. Nkhani yanu iyambire pamenepo.

Musapemphe Lachisanu kapena Loweruka la kumapeto kwa mwezi, masiku amenewo malo amadzaza okha. Pemphani Lachitatu kapena Lachinayi, makamaka mu June ndi July pamene kuzizira kwa Mzuzu kumatsekera anthu m'nyumba. Onetsetsaninso kuti ophunzira a ku Mzuni (yunivesite ya Mzuzu) ali pasukulu, osati patchuthi kapena mkati mwa mayeso.

Mukamuone masana akuwerengera makireti, osati usiku nyimbo zili m'mwamba. Tengani pepala limodzi losonyeza magulu amene alembetsa, ochemerera amene gulu lililonse libwere nawo, ndi mtengo wa pakhomo. Kanema wa mphindi imodzi wa pafoni, ovina anu ali pakati pa khamu, amakopa kuposa mawu ambirimbiri.

Pa ndalama m'pamene ubale umathera, ndiye mpofunika kudekha. Za ku bala zikhale zake zonse. Za pakhomo gwirizanani kagawidwe kake, mulembe, musainirane, ndipo munthu wanu akhale pakhomopo limodzi ndi wake. Mphoto ichokere ku ndalama zolembetsera kapena kwa wothandiza, ndipo ikhale m'manja tsikulo lisanafike. Apa ndimaumirira kwambiri: gulu lopambana likangouzidwa kuti "bwerani mawa", mbiri yoipa imagwera malowo, ndipo mwiniwake sadzakulandiraninso.

Mufunseni ngati malowo ali ndi chiphaso choimbira nyimbo pagulu chochokera ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, mufunsenso ku Censorship Board, bungwe la boma lounika zoonetsedwa pagulu, za chilolezo cha zisangalalo. Apolisi adziwitsidwe. Wosakwana zaka 18 asalowe, ngakhale atakhala katswiri wa gulu lanu. Atsikana ovina akhale ndi chipinda chosinthiramo zovala komanso galimoto yowatula kwawo, asamayende pansi usiku kulowera ku Mchengautuwa.

Oweruza akhale atatu, opanda chibale ndi ovina.

Mwini kalabu akamakayikabe, musakakamire usiku wonse. Mupempheni ola limodzi lokha DJ asanayambe, kenako mawa lake mukhale naye pansi muone zomwe bala yagulitsa.