Mmene ndimasungira tulo pa ulendo wa ku Beira

Ndinali nditangopitirira Catandica kulowera ku Guro, m'dziko la Mozambique, cha m'ma 4 koloko mbandakucha, thiraki itadzaza feteleza wochokera kudoko la Beira. Chomaliza chimene ndimakumbukira n'chakuti ndinkayang'ana mzere woyera wa pakati pa msewu. Kenaka ndinangomva miyala ikuwomba kunsi kwa galimoto, matayala akumanzere atatsika kale pa tala. Ndinabweza chiwongolero pang'onopang'ono, ngolo n'kugwedezeka kumbuyo, Mulungu n'kundichitira chisoni. Nditaima, miyendo inkanjenjemera moti ndinalephera kutsika.

Sindinagone nthawi yaitali ayi, mwina masekondi anayi. Koma galimoto ikamathamanga makilomita 80 pa ola, pa sekondi imodzi imadya mamita 22. Masekondi anayi ndi mamita pafupifupi 90, bwalo la mpira lathunthu, thiraki ikudziyendera yokha popanda mwini.

Tsiku limenelo ndinadzuka 5 koloko m'mawa, n'kukhala pamzere kudoko mpaka dzuwa kupendeka, n'kunyamuka madzulo chifukwa abwana ankaimba foni ola lililonse kufunsa kuti katundu ali pati. Pofika pamalo pajapo ndinali nditakhala maso maola 23. Akatswiri amene anayesa zimenezi anapeza kuti munthu akakhala maso maola 17, kuganiza ndi kuchitapo kanthu kwake kumafanana ndi kwa munthu amene m'magazi mwake muli mowa wa 0.05 peresenti, ndipo akafika maola 24 amafanana ndi wa 0.10. Ine mowa sindiuyandikira ndikakhala pa ulendo, koma usiku umenewo ndinkayendetsa ngati woledzera.

Zimene ndikulemba panozi ndi zimene ndakhala ndikuchita kuyambira pamenepo. Ndikulankhula ndi madalaivala anzanga a mtunda wautali, komabe alonda, anamwino a usiku, anyamata a minibasi ndi a kabaza apezamo zawo.

Choyamba n'kuwerengera tulo musananyamuke, monga momwe mumawerengera dizilo. Palibe dalaivala amene amachoka ku Blantyre osadziwa kuti m'thanki muli malita angati. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo pa tsiku, ambiri pakati pa 7 ndi 9. Ine ndimawerenga chobwerera m'mbuyo: ngati ndikufuna kukakhala pa boda ya Mwanza m'mawa, ndiye kuti ndidzuka 4 koloko, ndiye kuti pofika 9 koloko usiku ndikhale ndili m'bulangete. Matayala, mafuta, mapepala a katundu, zonse ndimaona masana a dzulo lake, osati usiku. Abwana akafunsa tsiku lofika, ndimatchula tsiku limene tulo tawerengeredwamo kale. Poyamba zinkandivuta, chifukwa ntchito njosowa ndipo pageti pamakhala anthu ambiri ofuna mpando wako. Ndinaphunzira kuyankha mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo: “Bwana, ndikafika Lachinayi masana ndi katundu wanu yense. Ndikalonjeza Lachitatu ndiye kuti ndiyenda usiku wonse.” Ku mayiko a European Union lamulo limati dalaivala wa thiraki akayendetsa maola anayi ndi theka apume mphindi 45, ndipo tsiku wamba asapitirire maola 9 pa chiwongolero. Kwathu kuno palibe amene angakuwerengereni, choncho ndinangotenga muyezo umenewo kukhala wanga.

Chachiwiri, dziwani maola oipa. Thupi lili ndi wotchi yake imene imatsata kuwala ndi mdima. Kukada, ubongo umatulutsa timadzi totchedwa melatonin touza thupi kuti nthawi yogona yakwana. Pakati pa 2 koloko usiku ndi 6 koloko m'mawa m'pamene thupi limafooka kwambiri, ngakhale munthu atagonako masana. Kufooka kwina kumabwera dzuwa likangopendeka, cha m'ma 1 mpaka 3 koloko, makamaka mukadya nsima yambiri. Ambiri timakonda kuyenda usiku poti kumazizira, msewu umakhala wopanda njinga ndi mbuzi, matayala satentha. Zonsezo n'zoona, koma maola amenewo ine ndinawasiya. Ndikakakamizika, ndimayamba ndagona maola angapo madzulo.

Tsono apa m'pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa m'pamene ambiri timadzinamiza. Tulo sitigogoda. Munthu wosagona sadziwa kuti wafooka bwanji; amadziona ngati ali bwinobwino mpaka atamva miyala kunsi kwa galimoto. Choncho musadikire kumva kuti “ndatopa”, yang'anani zizindikiro. Kuyasamula motsatizana. Zikope kulemera, maso kuyabwa. Mutu kugwa n'kudzidzimuka. Kupeza kuti mwayandikira kwambiri galimoto yakutsogolo, kapena liwiro latsika osadziwa. Chizindikiro chimene ndimachiopa koposa n'chakuti sindikukumbukira mudzi umene ndangodutsa. Ndikadzifunsa kuti “kodi pa Changara ndadutsa liti?” n'kusowa yankho, ndimadziwa kuti ubongo wayamba kale kuzimazima.

Zikatero, kutsegula zenera sikuthandiza. Kukweza wailesi, kusamba kumaso madzi ozizira, kutafuna chingamu kapena nzimbe, kudzitsina ntchafu, zonsezi ndinaziyesa zaka zambiri. Zimakudzutsa mphindi zochepa, tulo n'kubwerera ndi mphamvu. Chifukwa chake n'chakuti ukakhala maso, mu ubongo mumaunjikana kanthu kotchedwa adenosine, ndipo kakachuluka m'pamene tulo timakukoka. Chimene chimakachotsa ndi kugona basi. Khofi ndi tiyi sizikachotsa, zimangotseka kwakanthawi malo amene kamagwira.

Nazi zimene ndimachita. Ndimafuna malo oyenera kuima: pomwetsera mafuta, pafupi ndi rodibuloko, kapena pamene aima mathiraki ena. Osati pakona, osati potsetsereka, osati m'tchire muli nokha. Ndimamwa kapu ya khofi kapena tiyi wamphamvu, n'kutchera alamu ya foni mphindi 20, n'kutseka zitseko, n'kugona pompo. Khofi amatenga pafupifupi theka la ola kuti ayambe kugwira, ndiye alamu ikamalira amakhala akuyamba ntchito yake. Musapitirire mphindi 30, chifukwa mukalowa m'tulo tofa nato mumadzuka mutu uli zii, wolemera kuposa poyamba. Ndikadzuka sindiliza injini nthawi yomweyo. Ndimatsika, n'kuzungulira galimoto ndikugogoda matayala, n'kuona zingwe za tenti, mphindi khumi kapena kuposa, mpaka mutu utayera. Njira imeneyi imangokufikitsani pamalo ogona. Mukaibwereza kawiri usiku umodzi, ulendo wa tsiku limenelo watha, gonani.

Kugona m'thiraki nako n'luso. Aliyense amene anagonapo ku Tete mwezi wa Okutobala akudziwa kuti chitsulo chimasunga moto mpaka pakati pa usiku. Thupi limagona bwino likazizirako, choncho ndimayesetsa kusamba ndisanagone, ngakhale ndi madzi a m'chigubu, n'kutsegula mazenera pang'ono mbali zonse kuti mphepo izidutsa. Neti ndiye sindiisiya. Ndinaimangirira zingwe pamwamba pa bedi la kumbuyo kwa mipando. Udzudzu wa m'chigwa cha Zambezi ukulanda tulo lero, sabata yamawa n'kukugoneka ndi malungo. Pagalasi lakutsogolo ndimakoleka zitenje ziwiri zakuda zimene anandipatsa mayi a kunyumba, kuti magetsi a magalimoto odutsa asamandilase m'maso, ndipo m'makutu ndimatsekamo thonje. Foni ndimaimba kunyumba, n'kutchera alamu, n'kuiika patali ndi dzanja. Kuwala kwake kumachedwetsa melatonin, komanso nkhani za pa WhatsApp ndi Facebook sizitha. Ukati mphindi zisanu umapeza ola lapita.

Samalani ndi zimene mukumwa dzuwa likapendeka. Mphamvu ya khofi imatenga pafupifupi maola asanu kuti itsike ndi theka lokha, ndiye kapu ya 5 koloko madzulo imakhala ikugwirabe ntchito 10 koloko usiku. Chimodzimodzi tiyi wamphamvu, Coca-Cola ndi zakumwa za m'zitini zija amati zopatsa mphamvu. Pa tsiku limene ndikudziwa kuti ndigona usiku, zonsezi ndimalekeza masana. Mowa nawo umanyenga: umakugwetsa msanga, koma cha m'ma 2 koloko umadzidzimuka, kukhosi kuli gwa, tulo totsalato n'todukaduka. Ndipo musamwe mankhwala a chimfine monga Piriton musanayendetse, amawodzeretsa. Mapiritsi ogonetsa ogula pamsika popanda dokotala asiyeni, thupi limawazolowera.

Ngozi ya pamsewu imaoneka, koma pali ina imene imadya munthu mwakachetechete, ndipo imeneyi ndinaidziwa mochedwa. Patapita miyezi ingapo chichitikire za ku Catandica, mutu unkandipweteka kunkhongo m'mawa uliwonse. Kuchipatala anandiyeza BP n'kupeza 160/100, pomwe kuyambira 140/90 amati yakwera. Adokotala anandifunsa za mchere, za fodya, kenaka anati, “Bambo, mumagona maola angati?” Nditawerenga ndinapeza anayi, tsiku labwino asanu, kwa zaka. Anandifotokozera kuti munthu akagona bwino, kuthamanga kwa magazi kumatsika usiku, mtima ndi mitsempha n'kupumako. Wosagona mokwanira mpumulo umenewo saupeza, ndipo m'kupita kwa zaka amakhala pa chiopsezo chachikulu cha BP, matenda a mtima ndi sitiroko. Thupi losagona limavutikanso kugwiritsa ntchito shuga wa m'magazi, ndiye njira ya ku matenda a shuga imatseguka. Limasokonezanso timadzi ta njala ndi kukhuta, n'chifukwa chake ukachezera usiku wonse mtima umangofuna chipisi cha pachiwaya, mandasi ndi zakumwa zotsekemera. Apa m'pamene ndinamvetsa kumene mimba yanga inachokera. Chitetezo cha m'thupi nacho chimatsika, moti chimfine chilichonse chodutsa chinkayambira pa ine.

Chimene chimandiwawa mpaka lero si BP. Ndi mmene ndinkakhalira pakhomo. Ndikafika kuchokera ku ulendo, mwana akangogwetsa kapu ndinkakalipa ngati wapalamula mlandu waukulu. Ana anayamba kuthawira kuseri kwa nyumba akamva ndikugogoda. Ndinkaiwala zimene tagwirizana ndi mayi awo dzulo lake, n'kumakana kuti sitinakambirane. Kusagona kumafupikitsa mtima, kumaiwalitsa, ndipo kukapitirira kumabweretsa nkhawa ndi kukhumudwa kosatha. Panopa ndikafika, ndimapereka moni, n'kudya, n'kupempha kuti andisiye ndigone kaye. Nkhani za ndalama ndi za sukulu timakamba mawa lake.

Funsaninso amene mumagona naye chipinda chimodzi kuti mumagona bwanji. Mnzanga wina amene tinkayendera limodzi ankaliza mkonono womveka thiraki yachitatu. Ndinagonapo naye m'galimoto imodzi: mkonono unkalira, kenaka zii, osapuma, mpaka ine kuchita mantha, kenaka n'kubanika ngati wotsamwa, n'kuyambiranso. Iye ankati amagona maola 8, koma masana ankasinza ngakhale pamzere wa pa boda injini ikulira. Matendawa achipatala amawatcha sleep apnoea: njira ya mpweya kukhosi imatsekeka munthu ali m'tulo, kambirimbiri usiku umodzi. Amakonda anthu onenepa, a khosi lalikulu, ndipo amakweza BP. Ngati akunyumba akuuzani kuti mumaleka kupuma usiku, musakangane nawo, pitani kuchipatala mukanene mawu omwewo. Kuchepetsa thupi, kusiya mowa wa madzulo ndi kugona chammbali kumathandiza, ndipo pali makina othandiza kupuma usiku otchedwa CPAP.

Masiku amene muli pakhomo, bwezani ngongole ya tulo, koma musaganize kuti Lamlungu limodzi lingafafanize sabata yonse. Zimatenga mausiku angapo. Ine ndimagona ndi kudzuka nthawi yofanana tsiku lililonse, ndipo m'mawa ndimatuluka padzuwa, kaya kukathirira dimba, kuti wotchi ya thupi ibwerere m'malo. Tulo tikakana kubwera kwa mphindi ngati 20, sinditembenukatembenuka pabedi. Ndimadzuka, n'kukhala pampando mumdima mpaka zikope zitalemera. Vuto losowa tulo likamachitika katatu pa sabata kwa miyezi itatu, limenelo n'lofunika dokotala.

Mawa ndikunyamukanso. Ndidzuka 4 koloko, ndiwoloke pa Mwanza ndi Zobue m'mawa, ndidutse Moatize ndi Tete dzuwa lisanafike pamutu ngati mapepala sachedwa, masana ndiime mphindi 20 pamthunzi. Kukamada ndikhala nditaimika galimoto pakati pa anzanga, neti itamangidwa, zitenje zili pagalasi. Ku Beira ndikalowa mkuja, ndipo abwana ndawauza kale choncho.