Momwe mungasankhire mphunzitsi wa Flames osangotengeka ndi dzina

Flames ikangogonja masewero awiri otsatizana, nkhani pa Kasungu imakhala imodzi, kuyambira pa depoti mpaka kwa anyamata a kabaza: mphunzitsi achoke, abwere wina. Ena amafuna mzungu, ena amati mwana wa konkuno ndiye amamva kuwawa. Mkanganowu umayambira pakati pa nkhani, chifukwa dzina la munthu limayenera kubwera pamapeto. Wolemba ntchito ndi FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, koma inu a m'makomiti a mpira a m'maboma muli ndi njira yofikitsira mawu anu kumeneko kudzera ku bungwe la mpira la chigawo chapakati, ndipo inu ochemerera mumaimba mafoni pa wayilesi tsiku ndi tsiku. Tonse tikuyenera kudziwa ndondomeko yake kuti tizifunsa mafunso oyenera.

Choyamba: lembani ntchitoyo musanatchule dzina

Khalani pansi mugwirizane chimene mukufuna. Kodi mukufuna munthu woti atifikitse ku mpikisano wotsatira wa AFCON, chikho cha mayiko a mu Africa, kapena woti amange timu yatsopano ndi anyamata a zaka 20? Ntchito ziwirizi n'zosiyana, ndipo kawirikawiri zimafuna anthu osiyana. Malawi yafika ku AFCON katatu kokha: mu 1984 ku Ivory Coast, mu 2010 ku Angola, ndi mpikisano wa 2021 womwe unaseweredwa ku Cameroon mu Januwale 2022. Mipata ya zaka zochuluka choncho ikutiuza kuti vuto lathu si masewero a mawa okha. Cholinga chilembedwe papepala, chikhale ndi chaka chake, ndipo anthu achidziwe.

Mu 2013 kunabwera Tom Saintfiet wa ku Belgium kwa miyezi yochepa chabe, makamaka kuti tikagonjetse Nigeria m'masewero opitira ku World Cup. Tinagonja 2-0 ku Calabar, iye n'kumapita. Musaiwale dzinali, tilipezanso kutsogoloku.

Chachiwiri: zindikirani kuti timu ya dziko si kalabu

Apa ndi pomwe ambiri timasokonezeka. Mphunzitsi wa Bullets, Wanderers kapena Silver amakhala ndi osewera ake pafupifupi tsiku lililonse. Akaona kuti wotchinga kumbuyo sakudumpha bwino, ali ndi mwezi wathunthu womukonza. Wa Flames alibe mwayi umenewo. Osewera akunja amamasulidwa ndi makalabu awo pa masiku okhawo amene FIFA inaika, ndipo mnyamata wochokera ku South Africa, Tanzania kapena Zambia amatha kufika m'bindikiro kutatsala masiku awiri kapena atatu kuti asewere, ali wotopa ndi ulendo. Pa nthawi yochepa choncho sungaphunzitse munthu kumenya mpira. Chimene ungachite n'kusankha anthu oyenera, kuwaika pamalo oyenera, ndi kuwauza mwachidule chochita.

Ndiye chimene mukufuna kwambiri mwa mphunzitsi wa dziko ndi diso. Ntchito yake yaikulu imachitika pamene timu sili m'bindikiro. Mufunseni mosabisa: kodi adzakhala m'dziko muno, kapena azingotera pa Kamuzu International Airport masewero akayandikira? Kodi adzakwera galimoto kukaonera masewero ku Karonga, ku Mzuzu, ku Dedza, ku Dwangwa? Ife a kuno tikudziwa mmene bwalo la Kasungu linkadzazira nthawi imene TN Stars inali mu ligi yaikulu, ndipo tikudziwanso kuti ku Santhe, ku Chamama ndi ku Nkhamenya kuli anyamata amene amasewera m'mabwalo a fumbi popanda wowaona. Sindikunena kuti mphunzitsi wamkulu azikafika mudzi uliwonse. Koma akhale ndi anthu ake m'zigawo zonse zitatu, azigwirizana ndi aphunzitsi a matimu a dziko a zaka zosapitirira 17, 20 ndi 23, kuti mwana wa ku Mtunthama akhale ndi njira yodziwika yokafikira pa Bingu National Stadium.

Chachitatu: ziphaso

Izi n'zosavuta. Ziphaso za uphunzitsi za CAF, bungwe la mpira mu Africa, zimayambira pa D, kubwera C, B, A mpaka Pro. Musatsike pansi pa CAF A kapena chofanana nacho cha ku UEFA, bungwe la mpira ku Ulaya, ndipo funsani bungwe lomwe linapereka chiphasocho ngati ndi chenicheni. Chiphaso chimangomulowetsa munthu pa mndandanda, sichimupatsa ntchito.

Chachinayi: werengani mbiri yake, osati pasipoti

Mbiri yathu yomweyi ikukana kuti mbali imodzi, ya ofuna mzungu kapena ya ofuna mwana wa konkuno, ndiyo yolondola. Ted Powell wa ku England anatipatsa chikho cha CECAFA, cha mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa, mu 1978 ndi 1979. Kinnah Phiri, mwana wa dziko lino, anagonjetsa Egypt ndi chigoli chimodzi kwa duu pa Kamuzu Stadium mu 2008, chomwetsa Chiukepo Msowoya, kenako n'kutitengera ku Angola komwe tinathibula Algeria 3-0. Ronny van Geneugden wa ku Belgium anakhala kuyambira 2017 mpaka 2019, koma kupambana kunali kosowa. Meck Mwase anatifikitsa ku Cameroon pogonjetsa Uganda 1-0 mu Malichi 2021, chigoli cha Richard Mbulu. Kunja nakonso n'chimodzimodzi: Hervé Renard wa ku France anatenga chikho cha Africa ndi anzathu a Zambia mu 2012, pomwe Stephen Keshi anachitenga ndi dziko lakwawo la Nigeria mu 2013.

Pali gulu lachitatu lomwe timaliiwala: mlendo woidziwa ligi yathu. Kalisto Pasuwa ndi wa ku Zimbabwe, anatengapo ligi motsatizana ndi Dynamos ya ku Harare, anafikitsa dziko lakwawo ku AFCON ya 2017, ndipo asanapatsidwe Flames anali atakhala zaka zingapo ku Bullets akutenga zikho. Munthu wotere sayamba n'kufunsa kuti uyu ndani.

Poyeza mbiri, ine ndimaona kuti funso lothandiza ndi ili: kodi anachitapo chiyani ndi timu yosauka? Munthu amene anazolowera mabwalo khumi ophunzirirapo ndi ndege yakeyake adzavutika tsiku limene ndalama za m'bindikiro zachedwa. Kumbukirani kuti mu 2021 masewero athu ena a pakhomo tinakasewerera ku Johannesburg chifukwa mabwalo athu sanavomerezedwe. Mukufuna munthu woti zoterezi zikachitika sataya mtima.

Chachisanu: mayeso a ntchito akhale a mpira

Sankhani anthu atatu kapena anayi, muwaitane. Pa gulu lofunsa pakhale aphunzitsi odziwa ntchito ndi osewera akale, osati akuluakulu a mu ofesi okha. Muonetseni kanema wa masewero omwe Flames inagonja posachedwa, afotokoze pomwe zinalakwika ndi chomwe akanasintha pa nthawi yopuma. Mumuuze alembe mayina a osewera 25 amene angaitane mawa, ndipo anene chifukwa chake. Amene sangathe kutchula ngakhale goloboyi wachiwiri ndiye kuti sanakonzekere. Mufunseni mmene angasewerere ndi Morocco koyenda ndi mmene angasewerere ndi Lesotho pakhomo, chifukwa mayankho akafanana ndiye kuti ali ndi njira imodzi yokha.

Akatuluka, imbirani foni osewera amene anawaphunzitsapo, makamaka amene ankakhala pa benchi. Amenewo ndi amene amadziwa ngati munthuyo ndi wachilungamo. Ngati salankhula Chichewa kapena Chitumbuka, wachiwiri wake akhale Mmalawi amene anyamata amamulemekeza, ndipo asankhidwe mogwirizana ndi mphunzitsiyo.

Chachisanu ndi chimodzi: ndalama ndi mgwirizano

Musalembe munthu amene simungathe kumulipira. Mu 2015 FIFA inachotsa Zimbabwe m'masewero opitira ku World Cup ya 2018 chifukwa cha ngongole ya malipiro a mphunzitsi wake wakale wochokera ku Brazil, Valinhos. Osewera sanalakwe kanthu, koma anataya mpikisano wonse asanakhudze mpira. Mgwirizano unene yemwe azilipira, kaya ndi FAM, boma kapena kampani yothandiza, komanso ndalama yake. Malipiro a madola amatha kukwera usiku umodzi: kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mulembenso zomwe zidzachitike mukafuna kusiyana nthawi isanakwane.

Mu mgwirizano momwemo mulekanitse maudindo. Kutatsala milungu yochepa kuti tipite ku Cameroon, Mario Marinica, yemwe anabwera ngati mkulu woona za luso, anaikidwa pamwamba pa Mwase. Marinica atadwala Covid-19, Mwase ndiye anatsogolera timu pogonjetsa Zimbabwe 2-1, zigoli zonse za Gabadinho Mhango. Tinafanana mphamvu ndi Senegal, n'kudutsa ndime ya m'magulu koyamba m'mbiri yathu. Zinatha bwino, koma mpaka lero anthu amakanganabe kuti ntchitoyo inali ya ndani. Osewera azidziwa munthu mmodzi yemwe amasankha timu, ndipo wa komiti asamutumizire mayina.

Chachisanu ndi chiwiri: ikani masiku omuunika, muwasunge

Saintfiet uja anapita ku Gambia mu 2018, anamupatsa zaka, ndipo anafikitsa dzikolo ku AFCON koyamba, mpaka mu ndime ya matimu 8 ku Cameroon komweko. Aliou Cissé anayamba ntchito ku Senegal mu 2015, anagonja m'masewero omaliza mu 2019, sanamuchotse, chikho anachitenga mu 2022. Mlimi wa fodya wa kuno amadziwa kuti mbande ukaiwokera suizula sabata iliyonse kuti uone ngati mizu yagwira.

Mgwirizano ukhale wotenga mpikisano wonse wopitira ku AFCON, ndipo muzikumana naye miyezi 6 iliyonse, osati m'mawa wake wa tsiku logonja. Pa mkumanowo onani zotsatira, inde, komanso muwerenge masewero a ligi omwe waonera pabwalo, achinyamata angati alowa m'timu n'kukhazikika, zigoli zomwe tikumwetsedwa pa makona ndi mafirikiki zikuchepa kapena ayi. Nayenso mumupatse mpata wofunsa ngati masewero opimana mphamvu ndi masiku a m'bindikiro omwe munamulonjeza anaperekedwa.